Nthambi ya Msuku pa Mphambano

Tsikulo tinkakonola chimanga, ine ndi amayi, mumtondo umodzi. Iwo akamatsitsa munsi wawo ine ndinkakweza wanga. Tinali titazolowerana moti tinkatha kucheza uku tikusinja, minsi osagundana ngakhale kamodzi. Inali nthawi ya mvula yambiri. Chimanga cha m'munda chinali chitatalika kupitirira munthu, koma chisanakhwime. M'nkhokwe munali mutangotsala cha pansi penipeni.

Mfuti inalira kumtsinje. Yoyambayo ndinayesa nsungwi yaphulika pamoto. Kenaka zinalira zambiri mosalekeza. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Amayi anaimika munsi mumtondo n'kundiuza kuti ndikatenge mng'ono wanga Lukia, amene ankaumba matope kuseri kwa nyumba. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu kapena kupitirirapo pang'ono. Lukia anali ndi zitatu.

Inu obadwa m'mbuyo muno simukudziwa mmene zinalili, ndiye ndifotokoze pang'ono. Dziko linali litangolandira kumene ufulu, akuluakulu n'kuyambana okhaokha. Amuna ena a kwathu anatenga mfuti n'kulowa m'tchire, ndipo asilikali anabwera kudzawasaka. Mudzi wathu unali m'munsi mwa phiri, pakati pa Nselema ndi Liwonde. A m'tchire ankabwera kudzapempha ufa, ife tinkawapatsa. Ena anali abale athu, ndipo onse anali ndi mfuti. M'mawa umenewo anakumana ndi asilikali pamadimba athu, msilikali mmodzi n'kufera pomwepo.

Masana asilikali anabwera kudzatenga amfumu kuti akayankhe mlandu. Anawamanga manja ndi chingwe cha mbuzi. Ena mwa asilikaliwo anakwera phiri n'kukakhala pamiyala, pamwamba pa mudzi. Dzuwa likulowa tinaona utsi kumudzi wa tsidya la dambo. Sunali utsi wophikira. Unali wakuda, ndipo unkachokera nyumba zonse nthawi imodzi.

Amfumu atachoka, maso a anthu onse anatembenukira kwa amjomba anga, Che Jafali, mlongo wawo wa amayi. Sanali mfumu, sanalinso shehe. Anali telala wa pakhonde la sitolo ku Nselema. Koma ali mnyamata anapita kunkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja, ndiye maganizo a msilikali ankawadziwa. Anali munthu wosakweza mawu. Akamakuyang'ana zinkakhala ngati akukuyeza kuti akusokere malaya, ndipo akamaliza anali atadziwa kale ntchito imene ikukuyenera.

M'mawa mwake, itatha swala yoyamba, amuna anatsalira mumzikiti. Ife akazi tinamvetsera panja, titatsamira khoma. Amjomba anati asilikali a paphiri ndi ochepa. Akudikira anzawo a m'malole, amene aima pamlatho umene madzi anakokolola. Mlathowo ukakonzedwa, mudzi wathu ukhala ngati wa tsidya la dambo, ndipo anthu atengedwa onse. Anati tiyenera kuthawa masana omwewo, podutsa m'khwawa, chifukwa usiku asilikali amawombera chilichonse choyenda. Koma mudzi ukangoti zii, a paphiri adziwa, atsika, ndipo atipeza dzuwa lisanafike pamutu, tili ndi ana ndi nkhalamba.

Paphiri paja mudzi sunkaoneka bwino chifukwa cha mitengo ya mango ndi chimanga. Chimene chinkafika kumeneko ndi utsi ndi phokoso. Choncho amjomba anati akazi asanu ndi mmodzi atsale. Asonkhe moto m'nyumba zosiyanasiyana, ndipo azisinja mpaka nthawi ya swala ya alasiri, dzuwa litapendeka. Ikakwana nthawiyo atitsatire.

Dzina loyamba kulitchula linali la amayi anga, Abiti Musa. Anati sangapemphe alongo a eni ake asanapereke wawo. Amuna anavomereza ndi mitu. Mpaka lero mawu amenewa anthu amawabwereza ngati anzeru kwambiri. Ndinalipo pakhoma paja, ndinamva mayina onse. Awiri anali amasiye. Mmodzi anali wosabereka, mwamuna wake atamusiya. Atatu, kuphatikizapo amayi, amuna awo anali ku Joni. Mkazi aliyense amene mwamuna wake anali mumzikitimo sanatchulidwe. Akazi awo a amjomba anayenda nafe.

Amjomba ananenanso kuti chimanga chonse tinyamule, otsalawo azisinja mitondo yopanda kanthu. Apo amayi anaseka, nayankhula kuchokera panja.

"Achimwene, nkhondo mumaidziwa, koma mtondo iyayi. Wopanda kanthu umalira ngati ng'oma. Anyamata ali paphiriwo anabadwa kwa akazi, anakulira pafupi ndi mitondo. Amva kuti n'zabodza."

Anawasiyira madengu atatu a chimanga. Tsiku limenelo amene anatsutsa amjomba ndi amayi okha, ndipo anawatsutsa kuti bodzalo lilimbe.

Asanu ndi mmodzi aja amjomba anawatengera pambali, ine ndili pomwepo. Anawauza kuti tikupita ku Chiuta, kukabisala kwa asodzi a kunyanjako. Anati akafika pamphambano ya kumunsi kwa khwawa atenge njira ya kumanja, ya ku Nselema. Anabwereza kawiri.

Amayi anandiberekesa Lukia ndi nsalu yawo yatsopano, imene abambo anatumiza kuchokera ku Joni. Inali yobiriwira, ya timaluwa tachikasu. Anamanga mfundo pachifuwa panga, naimasula, naimanganso molimba. Anati ndisamupatse mwana madzi a m'zithaphwi. Kenaka anandikankha pang'ono paphewa.

"Tsogola, ndikupeza."

Tinatsikira m'khwawa m'timagulu ta anthu asanu, asanu ndi awiri. Mbuzi tinazisiya zili zomangirira kuti zizilira. Agalu tinawatsekera m'nyumba. Panali kamvula kowaza. Madzi a m'khwawa ankafika m'mawondo. M'mbuyo mwathu mitondo inayamba.

Munsi wa amayi ndinkaudziwa pakati pa ina yonse. Unkagwa molemera, osapupuluma. Munthu akamasinja yekha amafulumiza dzanja. Amayi sanafulumize. Akagunda ankasiya mpata, pamene munsi wanga unayenera kugwera, kenaka n'kugundanso. Ndinayenda ndikumvetsera mpata umenewo mpaka khwawa linakhota, phokoso la madzi n'kuuphimba.

Pamphambano a patsogolo anakhotera kumanzere, njira ya ku Shire. Ndinayesa asochera. Ndinagwira dzanja la mayi amene anali patsogolo panga, iye anandiyang'ana n'kuika chala pakamwa. Kenaka ndinaona anyamata anayi akubwerera kuchokera njira ya ku Nselema, matope mpaka m'ntchafu. Amjomba anali atawatuma kuti akaiponderezeponderereze ngati padutsa khamu. Anatayako mphika wosweka ndi chipande. Apo m'pamene ndinazindikira kuti za ku Chiuta zija zinali zonamiza amayi.

Kwathu, pamphambano, amene watsogola amatseka njira imene sanapite. Amathyola nthambi yamasamba n'kuigoneka mopingasa, kuti wobwera m'mbuyo aione n'kutenga inayo. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi. Ndinapatuka ngati ndikukadzithandiza, n'kuthyola nthambi ya msuku. Ndinaigoneka panjira ya ku Nselema. Ndinaopa kuti amayi angayese yangogwa ndi mphepo, ndiye ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa mbereko ija ndi mano, n'kukamangirira panthambipo. Kanali kotalika ngati chala, kali ndi duwa limodzi lachikasu.

Amjomba ankayenda pambuyo pa onse. Nditayenda pang'ono ndinaima m'udzu, ndikunamizira kukonza Lukia, n'kucheuka. Ndinawaona afika pamphambano. Anaima. Anayang'ana nthambiyo nthawi yaitali. Kenaka anawerama, naitola, naigoneka mopingasa panjira ya ku Shire, iwo ali mbali yathu. Anathyola ina n'kuyamba kufufuta mapazi athu akubwerera chammbuyo.

Ndinathamanga. Anandigwira mkono ndisanafike.

"Amjomba, mwatseka njira yathu."

"Ndatseka."

"Amayi asochera."

"Akawagwira awamenya mpaka anene kumene tapita. Munthu sanena chimene sakuchidziwa." Anandisiya mkono. "Ukafuna bwerera, Hawa, sindikukaniza. Mwanayo undisiyire. Koma akakugwira iwe unena Shire, chifukwa iwe ukudziwa. Cheuka uone amene uwanenewo."

Sindinacheuke. Ndinkawadziwa onse. Nthambi inali pafupi, mwina mapazi khumi. Lukia ankayamwa chala kumsana kwanga, ndipo ndinkamva kutentha kwa mimba yake. Ndinaima mpaka kamvula kanandilowa m'khosi. Kenaka ndinatembenuka n'kutsatira anthu. Amjomba ndimawakwiyira chifukwa cha nthambi ija. Koma chimene chimandipsetsa mtima koposa n'chakuti anandisiya mkono. Akanandikoka, ndikanakhala ndi woti ndizimuloza chala ndekha osadziloza.

Za kansalu kaja ndinaiwala. Ndinakakumbukira masana, Lukia atayamba kuseweretsa ulusi wa pamene ndinang'amba. Kanali katatsala panthambi imene tsopano inkatseka njira yathu, koma ndinayendabe.

Nthawi ya alasiri amuna anaswali mofulumira pansi pa mtengo, matope ali m'zipumi. Ine ndinayang'ana kumene tinachokera. Phiri lathu linali litabisika m'mitambo. Ndinadziwa kuti nthawi imeneyo amayi akupeta komaliza.

Tinayenda masiku awiri. Tinkadya chimanga chosakhwima cha m'minda ya eni, chachiwisi, pakuti moto unali woletsedwa. Misundu inatiluma m'madambo. Nkhalamba ina, yosaona, ana ake anainyamula pachitseko. Anyamata awiri ankanyamula pamtengo chinthu cholemera chokulungidwa m'chiguduli. Ndinayesa ndi ufa. Chiguduli chitatseguka pang'ono ndinaona chitsulo chakuda chonyezimira. Anali makina osokera a amjomba.

Tsiku lachiwiri m'mawa tinamva mfuti kutali, kum'mawa, cha ku Nselema. Zinkamveka motsika ngati munthu akukuntha mphasa. Anthu anayang'anana, mitima n'kukhala pansi. Asilikali anali atalowera ku Chiuta. Amuna anakweza manja kuthokoza Mulungu. Mayi wina anandisisita kumutu n'kunena kuti amjomba ako ndi mwamuna. Ndinachotsa dzanja lakelo.

Shire tinamupeza atadzaza, madzi ofiira, akukokolola zitsa ndi zisumbu za udzu. Pantoni yowolotsera anthu pa Liwonde inali ndi asilikali, choncho tinatulukira patali, pamene panali asodzi ndi mabwato atatu. Sanali Asilamu, ndipo sanafunse kuti ndife ayani. Anangoyang'ana ana n'kuyamba kukapa madzi m'mabwato. Anatiwolotsa kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka. Mvuu zinkapuma kumunsi kwathu. Ine ndinakana kukwera. Ulendo uliwonse ndinkapatsa wina malo anga, maso ali kunjira ya m'bango.

Potsiriza tinatsala ine, Lukia, amjomba ndi makina. Msodzi anatikhazika, nakankha bwato ndi mponda, mtengo wake wautali, kenaka anafunsa.

"Kuli ena m'mbuyomu?"

"Iyayi," anatero amjomba. "Tatha."

Makina anali pakati pathu, pansi pa bwato. Ndinaganiza zowagubuduzira m'madzi. Bwato likanatembenuzika, ndipo Lukia anali kumsana.

Tinakafika m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, kwa anthu olima thonje. Anatipatsa malo, udzu wofolerera ndi mbewu. Aliyense amene anatsika m'khwawa lija anafika wamoyo, ngakhale nkhalamba ya pachitseko. Mayi wina anabereka patangotha sabata. Amjomba anakhazika makina awo pansi pa mtengo wa bwemba n'kuyamba kusokera anthu a kumeneko, iwo n'kumabweretsa ufa ndi nandolo. Ufa umenewo unadyetsa tonsefe mpaka kukolola. Inenso ndinadya. Izi ndimazinena chifukwa n'zoona, ndipo zimandinyansa kuti n'zoona. Pasanathe chaka anthu anayamba kutchula malowo kuti kwa Jafali.

Ndinkapita kunjira tsiku lililonse ndikachoka kotunga madzi. Anthu anatopa nane. Ena ankati ndili ndi mwano, ena ankati ndine wosayamika. Akazi awo a amjomba ankandiuza kuti ndiyang'ane ana onse akusewerawa, ngati kuti ine ndilibe maso.

Anthu atakolola, tsiku lina masana, kunafika Abiti Selemani, mmodzi wa amasiye aja. Anali atawonda, mano akutsogolo atachoka. Anali atamasulidwa kumene kumalo kumene ankasungira anthu ogwidwa, ndipo anatipeza pofunsafunsa kwa asodzi. Mwa asanu ndi mmodzi aja anabwera ndi iwo okha. Anthu anawazungulira ndi mafunso, koma iwo anafuna ine. Tinakhala kuseri kwa nyumba, iwo n'kundiuza.

Anasinja mpaka alasiri, monga anauzidwira. Asilikali sanatsike. Amayi anapeta mphale yonse n'kuisenza m'dengu, ati ana akadye. Atafika pamphambano anapeza njira ya ku Shire yotseka, ya ku Nselema ili mapazi okhaokha. Anzawo anafuna kupitirira. Amayi anawaimitsa. Anayang'ana udzu wa kumanzere n'kuona kuti wagonera kutsogolo.

"Anati, achimwene ndimawadziwa, njira imene anena si imene apita," anatero Abiti Selemani. "Anakweza mwendo kuti alumphe nthambi ija. Ndiye anaona kansalu. Anakamasula, anakayang'ana. Anati, aka n'ka Hawa. Mwana wanga sangandinamize."

Anatenga njira ya ku Nselema. Asanafike kumsewu anakumana ndi malole, mlatho uja utakonzedwa. Asilikali anawamenya aliyense payekha, ndipo onse ananena Chiuta, chifukwa n'chimene ankadziwa. M'mawa mwake anawakweza m'malole osiyana. Abiti Selemani anawaona amayi komaliza atakhala kumbuyo kwa lole, kansalu kaja atakamanga padzanja.

Ndinapita pansi pa bwemba. Amjomba ankasoka kabudula wa mwana wa sukulu. Sindinagwade, sindinapereke moni.

"Kansalu kaja munakaona?"

"Ndinakaona."

"Nanga bwanji simunakachotse?"

Anaimitsa makina, nadula ulusi ndi mano.

"Chemwali ndimawadziwa. Popanda iko sakanakhulupirira."

Sanazembe maso anga. Anali atakalamba kwambiri m'miyezi imeneyo. Ndinayembekezera kuti anene kuti pepa, kapena kuti analakwa. Akanatero mwina ndikanalira n'kutha nazo. Sananene. Anayang'ana nsalu yobiriwira imene ndinavala, pamene ulusi unkalendewera.

"Bweretsa ndipinde pamenepo, ingapitirire kung'ambika."

Ndinatembenuka n'kuchoka.

Amjomba anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Maliro awo anadzaza anthu, jeneza lonyamulira mtembo likulandiridwa dzanja ndi dzanja mpaka kumanda. Ambiri mwa onyamulawo ndi ana amene anawoloka Shire ali kumsana. Ndikafunsidwa ngati analakwa, ndimangoyang'ana anthu amenewo. Chimene ndimakana n'chimodzi. Musamanene kuti Che Jafali anapulumutsa mudzi wonse. Mudzi wonse unali ndi akazi asanu ndi mmodzi ena.

Abambo anabwerako ku Joni n'kukwatira kwina. Lukia anakula, ali ndi zidzukulu, ndipo amayi sawakumbukira nkhope. Amayi sitinawaike m'manda, sitidziwa kumene anagona. Nsalu ija ili m'bokosi langa. Maluwa anafwifwa, koma m'mphepete mwake sindinalole munthu kusokamo.